Tsiku Limene Ndinatsuka Mbale ya Agogo

Anzanga akamakumbukira agogo awo amatchula fungo la fodya kapena la utsi. Ine agogo anga aamuna, a Muhiwa, ndimawakumbukira ndi fungo la mabatire otentha amene ankawaanika pawindo kuti abwereremo mphamvu, ndiponso la katoni yakale imene ankasungamo mbale yawo ya galamafoni. Lamulungu tikachoka ku tchalitchi, ankatulutsa mpando pakhonde kwathu ku Milonde, kupukuta singano ndi chala, n'kuika mbale ija mosamala ngati dzira, adzukulu tonse titakhala pansi, miyendo ili tambalale.

Mbaleyo inali imodzi yokha. Anawasiyira pamodzi ndi galamafoniyo mzungu wina amene ankamuphikira ku esiteti ya tiyi, pamene ankabwerera kwawo. Pachikuto panali chithunzi cha chitseko choima chokha pakati pa dambo, ndipo kuseri kwa chikutocho kunali anyamata asanu a tsitsi lofika m'mapewa, amene agogo aakazi ankawatchula kuti atsikana osapesa. Mbali imodzi yonse inali nyimbo imodzi. Inkayamba ndi chitoliro chokha, kenako limba ngati la ku tchalitchi, kenako ng'oma zosavinika, zoti ukati uponye mwendo, zasintha kale. Odutsa mumsewu ankaseka.

"A Muhiwa, nyimbo yanuyo itha mawa?"

"Imeneyi si yovina," ankayankha choncho. "Ndi ulendo. Khalani pansi tifike."

Ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, Lamulungu lina la mu Okutobala, agogo aamuna anaitanidwa mwadzidzidzi kukaona wodwala, n'kusiya mbale ija patebulo yosabweza m'chikuto. Agogo aakazi, ali pa ulendo wa kudimba, anakuwa: "Esinati, mbale zonse zili patebulopo utsuke, ndikazipeze zili mbee!"

Ine ndinali mwana wofuna kuyamikiridwa, khalidwe limene mpaka lero silinandichoke. Anati zonse, ndipo chija nachonso aliyense pakhomopo ankachitchula kuti mbale. Kuda kwake ndinkayesa mwaye. Ndinachikwecha ndi mchenga ndi phulusa mpaka manja kuwawa, ndipo chitakana kuyera ndinachiika pathandala pakati pa mapoto kuti dzuwa lithandizeko. Dzuwalo linathandizadi. Mmene agogo aamuna ankabwera, mbale yawo inali itapindika m'mphepete ngati chipewa.

Anaima pathandalapo nthawi yaitali. Agogo aakazi, atangotula dengu n'kuona zimenezo, anathyola kamtengo ka pichesi, ine mkodzo uli pafupi kutuluka. Koma agogo aamuna anawagwira dzanja.

"Musiyeni mkazi wangayu," anatero, poti ankakonda kundiseka kuti ndine mkazi wawo wamng'ono. "Mwamuuza kuti mbale zonse. Walakwa chiyani?"

Anaipanikiza pakati pa matabwa awiri, pamwamba n'kuikapo mwala, kwa sabata yathunthu. Lamulungu lotsatira inalira ndithu, mokhala ngati mvula ikugwa padenga la malata, koma itafika pakati singano inakanirira pamodzimodzi, kubwereza mawu amodzi osapitirira. Ndinayamba kulira. Iwo ananyamula singano ija bwinobwino, nati, "Ukuliranji? Kotsalako ndili nako m'mutu muno. Palibe chatayika." Atatero anatsinzina, n'kuyamba kung'ung'udza nyimbo yapansipansi, akumenya mwendo wa mpando ndi chikhatho, mpaka anaimaliza.

Zinakhala choncho zaka zonse. Azungu aja ankaimba theka lawo, agogo n'kumaliza. Ine ndinakhulupirira kuti palibedi chinatayika, ndipo ndinakula mtima uli m'malo. Mathero awowo ndinawaloweza, moti pa maliro awo ndi amene ankandizungulira m'mutu anthu akuimba za m'buku.

Chaka chatha, pa nthawi yopuma kusukulu imene ndimaphunzitsa ku Chonde, ndinaona chithunzi cha chitseko choima padambo chija pafoni. Nkhani yake inali yoti mwa anyamata asanu aja atsala atatu, nkhalamba za dazi, ndipo atenga matepi awo akale n'kuwakonzanso kuti mawu amveke bwino. Ndinavala zomvera m'makutu. Chitoliro chinamveka mpaka mpweya wa woimbayo, popanda mvula ija. Titayandikira malo okanirira singano aja ndinagwira tebulo. Nyimbo inangodutsa, n'kukwera, mawu a anthu ambiri n'kulowamo, limba likubangula, kwa mphindi zambirimbiri. Mathero a agogo munalibemo ngakhale pang'ono.

Ndinakwiya nazo nkhalambazo. Ndinati pokonzanso paja zasintha nyimbo ya eni ake.

Loweruka ndinakwera minibasi kupita ku Milonde. Agogo aakazi, amene tsopano saonanso bwino, ndinawapeza akutongola chimanga. Ndinawatsegulira nyimbo ija pafoni, kenako ndinang'ung'udza mathero amene ndinkawadziwa, kuti amve okha mmene azungu awonongera. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe, imeneyo si ya azungu. Ankaimba apongozi anga posinja, kwawo ku Mozambiki, nkhondo isanabwere. Zenizenizo n'zimene zili m'foni mwakozo. Ndikuzikumbuka, zinkandisokosa."

"Nanga bwanji ankati kotsalako akukudziwa?"

"Akanaimba bwanji pakamwa zinthu zonsezo? Pamene ankapakonda kwambiri ndi pomwepo, pamene unapakwechapo. Tsiku lija anapita kuseri kwa nkhokwe, ndinawapeza akupukuta m'maso ndi malaya. Anandiletsa kukuuza. Anati mwana walakwa chifukwa cha khama, akadziwa kukula kwa cholakwacho adzayamba kuopa ntchito."

Ndinakhala pamkekapo chitsononkho chili m'manja. Munthu ameneyu, agogo anga aamuna, anakhala zaka zoposa makumi awiri osamvanso mbali imene ankaikonda, ndipo Lamulungu lililonse ankandibisira zimenezo ndi nyimbo ya amayi ake. Ndinalira, koma si chisoni chokha. Ndinali kuthokoza, ngakhale kuti mochedwa.

Nkhalamba zitatu zija ndinazikhululukira, ndipo zilandire zikomo wanga, chifukwa popanda izo sindikanadziwa zimenezi. Mathero awo ndi okongola kwambiri. Ndinawamvera kawiri kokha. Masiku ano nyimboyo ikafika pakati ndimaimitsa foni, kotsalako n'kumaliza ndekha.