Rampu Yopaka Polishi Wofiira

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi amalume. Iwo anali kapitawo wa othyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo, ndipo atamva kuti ndamaliza Folomu 4 koma ndikungokhala ku Thekerani n'kumapirikitsa mbuzi m'munda wa chimanga, anandiimbira foni. Esitetiyo inali itangotsegula malo ochezera alendo m'nkhalango yake, ndiye ankafuna munthu wamphamvu wodziwako Chingerezi. Mphamvu ndinali nazo. Za Chingerezizo amalume anangondikometsera.

Malowo ndi okongola, apo sindinganame. Pakati pa minda ya tiyi panatsala chigwa cha nkhalango yachilengedwe, mitengo ikuluikulu ya mbawa, apusi akulumpha m'nthambi, ndipo kumunsi kwenikweni kuli mathithi ndi kadziwe. Loweruka anthu ankachokera ku Limbe ndi ku Blantyre, ena kudzawotcha nyama, ena kudzajambulitsa zithunzi za ukwati. Galimoto zimaima pamtunda. Kuti munthu afike kumathithi amatsika masitepe a simenti, kulumpha ngalande, kenako kutsata kanjira ka mizu ndi miyala.

Anandipatsa ovolosi, jombo, chikwakwa, tsache, wilibala ndi ndowa ya laimu. M'mawa ndinkasesa masamba poimika galimoto, kutchetcha udzu m'mbali mwa njira, kupala ndere pamasitepe ndi bulashi ya waya, n'kupaka laimu miyala yonse ya m'mphepete. Pa esiteti pali chizolowezi chimene anatisiyira azungu akale ndipo timachisunga kuposa malamulo khumi. Kukamveka kuti kukubwera mlendo, chilichonse chamwala chipakidwe laimu, chilichonse chasimenti chipakidwe polishi wofiira. Khonde la manijala, khonde la ofesi, ngakhale sitepe ya chimbudzi, zonse zizinyezimira. Palibe amafunsa chifukwa chake, ukafunsa umaoneka wakumudzi.

Bwana wa malowo anali a Kalitera, bambo a mimba yawo ndi mulu wa makiyi palamba. Kumathithiko anatsikako tsiku lotsegulira lokha, chifukwa nsapato zawo sizinkamvana ndi matope. Nthawi ina anapita ku msonkhano kuhotela ku Blantyre, n'kubwerako ndi tisheti, kachikwama ndi mawu atsopano. Anatisonkhanitsa pakhonde.

"Kuyambira lero malo ano akhala accessible," anatero. "Anzathu aulumali nawonso ndi makasitomala."

Mawuwo anali abwino ndithu. Koma mmisiri amene anamuitana anali mlamu wawo wa ku Boma, munthu amene ntchito yake yeniyeni inali yomanga ziliza kumanda. Iyeyo anamanga rampu pambali pa masitepe aja. Rampu ndi kanjira kasimenti kopanda masitepe, koti munthu woyenda panjinga ya olumala azitsikirapo ndi kukwererapo. Simenti inachepa, ndiye mmisiri anaifupikitsa, motero inaima chotsetsereka ngati denga la nyumba. Pamwamba pake anasalaza bwinobwino monga amasalazira ziliza zake. Chogwirira m'mbali panalibe. Kumunsi inkathera pangalande penipeni, ndipo kutsidya kwa ngalandeyo mizu ndi miyala zinali mmene anazisiyira Mulungu. Pamtunda anazikapo chikwangwani chabuluu chojambulidwa munthu ali panjinga.

Ku Boma kuli anthu oyenda panjinga zotere tsiku ndi tsiku. Wina amasoka nsapato pafupi ndi msika, aliyense amamudziwa. Palibe anaganiza zomuitana kuti adzayese rampuyo. Anaitana wojambula zithunzi.

Tsono rampu ndi simenti, ndiye chizolowezi chija chinaigwira. Lachisanu lililonse ndinkagwada pamenepo ndi chitini cha polishi, kupaka ndi kansanza, kudikira kuti aume, kukwecha ndi bulashi, kenako kupukuta ndi chiguduli cha bulangete mpaka a Kalitera adzionere nkhope. "Iziwala, mphwanga," ankatero. "Mlendo amayamba kudya ndi maso." Inkawaladi. Ngakhale galu wa mlonda ankaizemba n'kumatsikira pamasitepe.

Nyengo yachisanu itafika, tsiku lina ndikupukuta mawindo a ofesi, foni inalira. A Kalitera ankakonda kukweza mawu a foni kuti tonse tizimva kuti amafunidwa. Oimbawo anali mayi Nampinga, telala wa ku Bvumbwe. Mwana wawo wamkazi, Tiyamike, ankakwatiwa Loweruka, ndipo ankalakalaka zithunzi za pamathithi.

"Koma bambo, mundiuze zoona," anatero mayiwo. "Ine ndimayenda panjinga. Kodi ndikafika pamathithipo ndekha, popanda wondinyamula? Ngati sizitheka mungonena, tikajambulitsa kwina, palibe mlandu."

"Mayi, musadandaule ngakhale pang'ono. Tili ndi rampu yatsopano. Fully accessible!"

Atadula foni ndinafunsa kuti, "Bwana, nanga ngalande ija?"

"Uikepo thabwa," anayankha osandiyang'ana. "Ndipo Lachisanu rampuyo upake kawiri. Ndi ukwati umenewu."

Loweruka kunacha ndi chiperoni. Amene sanakhaleko ku Thyolo adziwe kuti chiperoni si mvula yoti munthu n'kuithawa, ndi kamvula kowaza ndi chifunga, kamangonyowetsa chilichonse mwakachetechete. Pa rampu ija madzi anangokhala timadontho pamwamba pa polishi ngati pa tsamba la koko.

Galimoto zinafika dzuwa lili pamutu, ngakhale dzuwalo silinkaoneka, zikuliza mahutala. Mayi Nampinga anali pampando wakutsogolo wa minibasi. Alongo awo, a Beni, anatsitsa njinga n'kuitambasula, ndipo mayiwo anadzisuntha okha ndi manja kuchoka pampando kufika panjinga, mwachangu, ngati mmene ine ndimavalira jombo. Anavala suti yachitenje yobiriwira ndi duku lalikulu. Amayi ena ankanong'onezana kuti diresi la mkwatibwi anasoka okha, mkanda uliwonse ndi dzanja.

A Kalitera anawalandira atavala jekete, n'kuwatsogolera mpaka pachikwangwani. Mayiwo anaima pamutu pa rampu, anayang'ana kumunsi nthawi yaitali.

"Rampu yake ndi imeneyi?"

"Eya mayi, yatsopano."

"Anatsikapo kale ndani?"

"Inuyo mukhala oyamba," anatero a Kalitera, akumwetulira ngati akuwapatsa mphatso.

Ndikhulupirira kuti mayiwo anadziwa pomwepo. Koma Tiyamike anali ataima pamasitepe ndi maluwa m'manja akuwayang'ana, ndiye anauza a Beni kuti ayende pafupi koma asagwire njinga. Anagwira zitsulo za m'mbali mwa matayala n'kuyamba kutsika pang'onopang'ono. Sanapite patali. Matayala anasiya kuzungulira, mayiwo atawagwira zolimba, koma njinga inapitirira kutsetsereka, n'kuyamba kutembenukira cham'mbali. Amayi ena anakuwa kuti "Mayo!" Ine ndinali pamasitepe chakumunsi, ndiye ndinalumphira kutsogolo kwa njingayo. Jombo zanga zinaterereka, ndinagwa chogwada, njinga inandiwomba pachifuwa. A Beni anaigwira kumbuyo n'kugwa chokhala pansi. Tinatsetserekabe pang'ono tonse atatu, kenako tinaima. Mayiwo anali atatsamiritsa dzanja pasimenti kuti asagudubuzike, ndipo chikhatho chonse ndi mkono wa suti yobiriwira ija zinali psuu ndi polishi.

Amuna anagwirana manja kuchokera pamasitepe n'kukokera njinga chambuyo mpaka pamtunda. Anthu asanapume n'komwe, a Kalitera anawomba m'manja.

"Palibe vuto, palibe vuto! Alonda, bwerani kuno. Muwanyamule mayiwa, awiri kumiyendo, awiri kumapewa."

Mayi Nampinga sanakweze mawu. "Bambo, ndinakufunsani pafoni," anatero. "Ine ndinanyamulidwa mokwanira. Amayi anga anandibereka kumsana popita kusukulu mpaka ndinatha msinkhu. Lero ndine make mkwatibwi. Pamaso pa akuchimuna onsewa, anthu osawadziwa sandigwira miyendo ngati thumba la feteleza."

Alonda aja anabwerera okha, anali ndi manyazi kuposa bwana wawo. Tiyamike anayamba kulira, akuti ndiye zithunzizo ajambulire pamtunda pomwepo. Pamtunda pomwepo panali matope a matayala, migolo ya zinyalala ndi chimbudzi. Akuchimuna ankayang'ana mawotchi chifukwa anthu anali akudikira kuholo ku Boma, wojambula naye akubisa kamera yake m'jekete.

"Tiya, usalire, uwononga nkhope," anatero mayiwo. "Diresi limenelo sindinalisokere chimbudzi. Tsika. Unyamule m'munsimo lisakhudze matope."

"Amama, popanda inu?"

"Ndati tsika."

Anatsika onse, a Beni kumapeto, buluku lawo lili lofiira kumbuyo. Pamtunda tinatsala awiri. Ndinafunsa ngati ndingawafunditse ambulera, iwo anati imeneyo ndigwire. Anatulutsa kampango n'kumapukuta chikhatho, koma polishi wathu anali wabwino, sankachoka. Posakhalitsa nthungululu zinamveka kuchokera m'chigwa, kenako nyimbo, kenako mawu a wojambula akuuza anthu kuti ayandikane.

"Mathithiwo ndi aatali bwanji?" anandifunsa.

Ndinawauza kuti amaposa nyumba, ndipo madzi ake amagawikana pawiri pamwala wakuda.

"Mphepo imawomba kuchokera kuti? Velo ija ndi yopepuka."

Ndinati imachokera kumadziko. Anagwedeza mutu, n'kupitiriza kumvetsera. Chifuwa chinkandiwawa pomwe njinga inandiwomba, koma chimene chinandiwawa kwambiri ndi kuona munthu akumvera ukwati wa mwana wake ndi makutu okha ngati mpira wa pawailesi.

Apo ndi pomwe a Kalitera anatuluka mu ofesi, foni ili m'manja.

"Mayi, tasenderani pafupi ndi chikwangwanichi ndikujambuleni kamodzi. Ndi za malipoti basi, akuluakulu aone kuti anzathu aulumali tikuwalandira."

Mayiwo anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu. "Jambulani rampu yanuyo, bambo. Ndi imene yatchena lero."

A Kalitera anaseka, kuganiza kuti ndi nthabwala. Mayiwo atatembenuza njinga kuwafulatira, iwo anajambulabe. Sabata yotsatira chithunzicho chinali pakhoma la ofesi, mayi wa duku lalikulu ali pambali pa chikwangwani chabuluu, rampu ikuwala kumbuyo kwawo. Aliyense wobwera kuchokera kulikulu ankaonetsedwa, ndipo onse ankayamikira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Bwana ameneyu sindinamulemekezenso kuchokera tsiku limenelo, ndinkangomupatsa moni chifukwa cha amalume. Lachisanu lake anandituma kukapakanso polishi, akuti matayala a mayi aja anasiya mikwingwirima.

Ndinachoka mvula itayamba, nditapeza ntchito pamalo ena ogona alendo, komwe ndili mpaka pano. Patapita nthawi ndinatsika minibasi pa Bvumbwe kuti ndigule ndiwo zamasamba, ndipo ndinaona mayi Nampinga pakhonde la sitolo, akupukusa makina awo osokera ndi dzanja. Anandizindikira msanga. "Si iwe wa ambulera uja?" Anandiitanira m'kati kuti ndikaone.

Chithunzi chinali pakhoma m'felemu yaikulu. Mathithi kumbuyo, mkwati ndi mkwatibwi pakati, a Beni, akuchimuna, akuchikazi, ana ogwira maluwa, velo ikuuluka chakumanja.

"Taona mmene diresi linakhalira," anatero. "M'munsi monse mulibe thope ngakhale limodzi."

Ndinavomera kuti linakhala bwino. Anthu pachithunzipo anayandikana mmene anawauzira wojambula, mpata panalibe. Munthu wobwera kudzasoketsa sangadziwe kuti pakusowa wina.

Kumene ndikugwira ntchito pano foni ndimayankha ndine. Wina akafunsa ngati angafike kumtsinje ndi njinga kapena ndi ndodo, ndimamuuza zonse, pomwe pali masitepe, pomwe pali ngalande, pomwe pamaterera kukagwa chiperoni, ndipo ngati sangafike yekha ndimanena kuti simungafike. Njira iliyonse yatsopano sindiitchula kuti yatha mpaka mwiniwake woyenda panjinga atatsikapo n'kukwerapo yekha. Abwana anga amadandaula kuti ndimathamangitsa makasitomala. Ndimawasiya alankhule. Mayi Nampinga anangopempha kuti awauze zoona. Akanawauza, akanajambulitsa kwina, ndipo bwenzi ali pakhoma paja pambali pa mwana wawo.