Mamendulo a Bambo Harlow

Ndikukumbukira kulira kwa mamendulo akagundana m'thireyi ya bambo Harlow, kaphokoso kotsika ngati masipuni m'kabati. Anali mzungu wokalamba amene tinayandikana naye nyumba ku Small Heath, kutsidya kwa nyanja kudziko la azungu, m'zaka za m'ma 1990. Ine ndinafika kumeneko ndi agogo, amene anandilera chimwalirireni makolo anga. Amalume ndiwo anatiitanitsa atamaliza maphunziro n'kupeza ntchito ku Oldbury. Ana awo ankandiyankha m'Chingerezi chothamanga, ndiye ndinazolowera kungokhala chete.

Kwa bambo Harlow kukhala chete sikunali mlandu. Loweruka lililonse ndinkakhala patebulo lawo, m'nyumba yonunkha fodya ndi mphaka, n'kumawaonerera. Ankatolera mamendulo a munthu mmodzi yekha, mkulu wa asilikali apakavalo amene anamwalira kalekale, wosakhala n'komwe mbale wawo. Mamendulowo anamwazikana kwa ogulitsa zinthu zakale, ndipo iwo ankawasaka imodziimodzi. Onse anali akuda bii, timaliboni take tosuluka. Powagwira ankavala magolovesi oyera. Ine ankandipatsa galasi lokulitsa zinthu kuti ndione kavalo atakweza miyendo, ndi dzina la msilikaliyo lozokotedwa m'mphepete. Kwina kulikonse m'tawuni imeneyo kunalibe mpando wanga.

Nyengo ina yozizira bambo Harlow anawagoneka m'chipatala. Anandisiyira kiyi kuti ndizidyetsa mphaka.

"Munthu akadwala, nyumba yake siisiyidwa ndi fumbi," anatero agogo, akumanga chitenje pamwamba pa jekete.

Anasesa, anakolopa, kenako anandituma kukagula chakudya cha mphaka. Pobwerera ndinapeza timaliboni tayanikidwa pachingwe kuseri. Agogo anali pakhomo, miyendo atatambasula, akukwecha mendulo yomaliza ndi waya wa mapoto, monga ankachitira kumudzi ndi mchenga. Enawo anali ndandanda pansalu, kuwala mbee. Kavalo uja anali atasalala, mchira wake wosaonekanso.

"Azungu awa," anatero. "Munthu anamenya nkhondo, iwo n'kumusunga ndi litsiro."

Amalume atamva anagwira mutu. "Amayi, kuda kuja ndiye kumene amakufuna. Mwadameja zinthu za eni!"

"Amafuna litsiro? Sukulu yonse ija munkaphunzira zimenezi?"

Bambo Harlow atatuluka m'chipatala anatsegula thireyi ine ndili pomwepo. Anayang'ana nthawi yaitali, osavala n'komwe magolovesi. Kenako anati, "Pita kwanu, mwana." Loweruka lotsatira ndinagogoda, koma katani sinagwedezeke. Linzakenso chimodzimodzi.

Agogo sanamvetse cholakwa chawo, koma anaona kuti ndasiya kudya bwino. Anagula nkhuku kubutchala ya Asilamu, anaiphika, n'kukagwada nayo pakhomo la mzunguyo, pasimenti yonyowa, anthu opita kumzikiti akuwalambalala. Ine ndinkamasulira. "Uwauze kuti manja ndi anga, mwanayu alibe mlandu." Bambo Harlow anafiira makutu. Analandira bakuli mofulumira n'kutseka chitseko.

Masiku ano mamendulo otere ndimawaona pafoni, ndipo ndikudziwa kuti otolera amalemekeza kuda kwake chifukwa ndiko kumasonyeza zaka zimene apyola. Agogo anapita osavomereza zimenezo. Ana anganso sadziwa kuti poto amakwechedwa, amangoika m'makina.

Koma sabata ija ya nkhuku ndinkangoyang'ana pawindo. Lachisanu masana, ndikuvula nsapato za kusukulu, belu linalira. Anali bambo Harlow, atavala chikhothi chawo chachitali, m'manja muli ketulo yakuda ndi mwaye, imene mwina inali isanatsukidwepo kunja chigulireni.

"Agogo ako ayesere pa iyi," anatero. "Ubwere nayo mawa. Tiyi timwera momwemo."

Anandipatsira m'manja, n'kutembenuka kulowera kwawo.