Mashini Anga Ali kwa Ba Dikoni

Anandilanda mashini a gemu, mapadi awiri osewerera ndi chingwe cha malaiti. Wondilandayo ndi dikoni wa kutchalitchi kwa amayi anga, munthu wometa tsitsi ku Kafue Estates. Anandilanda poyera, anthu akudziwa, osakweza mawu n'komwe.

Mashiniwo sanali mphatso. Bambo atamwalira ndinasiya sukulu mu giredi teni n'kuyamba ganyu kwa mayi wina wogulitsa nsomba. Ndinkapalasa njinga kupita ku Chanyanya, kumangirira dengu pakaliyala, n'kuthamanga nalo kutauni lisanayambe kununkha. Nthawi ya mvula ndinkakankha njinga m'matope, ntchentche zikunditsatira ngati mtembo. Anzanga a m'kalasi akandipeza panjira ankatseka mphuno mwadala. Ndinasunga zimene ndinkalandira mpaka tsiku lina ndinakwera basi ya ku Lusaka, n'kukagula mashini akale kwa munthu amene ankasamuka. Padi imodzi inali ndi batani lomira. Chingwe chinali chodyedwa ndi makoswe, ndinachilumikiza ndekha ndi tepi wakuda. Koma ankayaka, ndipo chinali chinthu choyamba m'moyo wanga chimene panalibe wina akanati n'chake.

Kunyumba kwathu kunalibe tivi yoti n'kulumikizapo. Ba dikoni anali nayo yaikulu, ndi kachipinda kuseri kwa shopu yawo yometera, ndi jenereta yothandiza malaiti akapita. Iwo ndiwo anabwera kwa amayi kudzanena kuti mnyamatayu asamangokhala, tigwirizane: iwo aike chipinda ndi tivi, ine ndiike mashini ndi kuyang'anira osewera, phindu tizigawana pakati. Amayi anakondwa, anati ndapeza bambo wina. Sitinalembe chilichonse. Kupempha dikoni kuti asaine pepala n'chimodzimodzi kumutcha wakuba, ndipo ine ndinaleredwa bwino mopusa.

Poyamba zinayenda. Ankabwera anyamata a sukulu akaweruka, makondakitala, oitanira mabasi ndi okankha mawilibala a kumsika. Ankasewera gemu ya mpira, wogonja alipire, wopambana akhalebe pampando. M'chipindamo munkanunkha thukuta ndi mankhwala opaka pometa, phokoso lokhalokha, kunyozana za matimu ndi za azilongo a anthu. Ine ndinkakhala pakona, kulandira ndalama ndi kupukuta mapadi ndi kansalu. Munthu akamenyetsa padi pabondo chifukwa chogoletsedwa, ndinkamutulutsa, akhale wamkulu akhale wamng'ono.

Kenako kunatuluka vidiyo yotsatsa gemu yatsopano. Ndinaionera pafoni monga anaionera anthu a dziko lonse. Munali mzinda waukulu, magalimoto, mfuti, zozolowereka. Koma chapakati panabwera mtsinje. Mtsinje waukulu, bango m'mbali, munthu wakuda ngati ife ali m'bwato akupalasa ndi nkhafi, mvuu itatulutsa makutu chapafupi. Mawu a Chingerezi ankati paliponse pamene maso ako akuona ukhoza kukafikapo. Ine magemu ndawaona kuyambira ndili mwana, ndipo onse amachitikira m'misewu ya eni ake. Madzi ofanana ndi athu ndinali ndisanawaonemo.

Ndinaonetsa anyamata. Mmodzi wa iwo, mwana wa msodzi wa ku Chanyanya amene ankagulitsa nsomba za bambo ake pamsika, anandilanda foni n'kuiyandikitsa kumaso.

"Ni kwathu uku, mune," anatero. "Monga paja pamene tiimika mabwato."

Tinaibwereza vidiyoyo mpaka batire litatha. Ankandifunsa zimene mzunguyo akunena, ine n'kumamasulira. Zimene ndinanena ndi zimene zinanenedwa. Sindinawonjezepo ngakhale mvuu imodzi. Pa intaneti panadzaza anthu aja amene ntchito yawo ndi kukuwa pamaso pa kamera. Ena anaitanidwa kukaiona gemuyo isanatuluke, anadyetsedwa, anapatsidwa malaya ndi zisoti, n'kubwerako akulumbira kuti iyi ikadzatuluka magemu ena onse tidzawataya kudzala. Miyezi inkapita, tsiku lotulutsa linkasunthidwa, njala ya anyamata inkakula.

Ba dikoni ankamva zonsezi kuseri kwa khoma la pulayiwudi akumeta anthu. Iwo padi sanaigwirepo, magemu ankawatcha zidole za ana, koma mitu ya anthu itaunjikana pafoni imodzi ankadziwa kuiwerenga. Anaitana wolemba zikwangwani kuti alembe pakhoma lakunja kuti gemu ya mtsinje ikubwera pompano. Kenako analengeza kuti amene alipiriretu adzakhala oyamba kugwira padi. Ndinawauza kuti tidikire kaye ituluke, timve kwa amene aisewera. Anandiyankha kuti vuto langa ndi kuchepa chikhulupiriro, ndipo bizinesi ndi ya wothamanga. Ndalama za anyamatawo analandira okha, n'kuziika m'thumba la malaya awo oyera ometera.

Itatuluka anapita okha ku Lusaka kukagula disiki. Chipinda chinadzaza, ena ataima pawindo. Ndinailowetsa m'mashini, ndipo tivi inatiuza kuti mbali yaikulu ya gemuyo siili m'disikimo, tiyenera kuikoka pa intaneti. Tinali titagula envelopu yopanda kalata. Bandulo yoyamba inatha, yachiwiri inatha, malaiti anapita pakati, zinayambiranso poyamba. Anyamata ankabwera madzulo aliwonse kudzaona kamzere kakukwawa pa tivi n'kubwerera kwawo. Ba dikoni ankagula mabandulo ndi petulo wa jenereta akutafuna mano.

Tsiku limene inatseguka tinaona zimene tinagula. Munthu wa m'gemu anaima pakati pa msewu atatambasula manja ngati choopsezera mbalame m'munda. Galimoto inamira m'phula mpaka denga. Anthu ena analibe nkhope, maso ndi mano okha akuyandama m'mwamba. Mashini ankalira ngati ndeke, n'kuuma, n'kufuna kuwazimitsa. Anyamata anaseka poyamba, kuseka kwa anthu amene sakufuna kukhulupirira.

Mwana wa msodzi uja sanaseke. Anatenga padi, osalabadira magalimoto ndi mfuti, n'kumuthamangitsa munthuyo molunjika kumtsinje. Anafika pabango. Bwato linalipo, pamadzi pomwepo, wopalasa ali m'katimo nkhafi ili m'mwamba, osasuntha. Anayesa kulifikira, munthu wake ankangopondaponda pamodzimodzi ngati wagunda khoma losaoneka. Anazungulira kwina, analumphira m'madzi, anafa pomwepo. Anayesanso, anafanso.  Anaika padi pampando bwinobwino, mwaulemu kuposa mmene ankaikira masiku onse, n'kutuluka.

Otsalawo anapita kutsogolo kumene ba dikoni ankameta munthu, n'kuwauza kuti awabwezere ndalama zawo. Ba dikoni sanasiye kumeta. Anangondiloza ndi chipeso.

"Ine siniziba va magemu. Mufunseni mneneri wanu uyo."

Dzinalo linakakamira tsiku lomwelo. Ndikadutsa pasiteshoni oitanira mabasi ankati, "Ba mneneri, shani? Bwato yafika?" Ana a sukulu ankatambasula manja n'kuuma pakati pa msewu ndikamabwera. Wina anajambula mvuu ndi makala pachitseko cha nyumba yathu, amayi anaipukuta.

Tsopano taonani mmene mlandu umayendera. A shopu ya ku Lusaka anati disiki yotsegula kale sabweza, ndipo iwo sapanga magemu, amangogulitsa. Opanga gemuyo analemba chipepeso pa intaneti, mawu ofewa kwambiri, akuti anafulumizidwa ndi mabwana awo, n'kubwezera ndalama anthu a kunja amene anagula ndi makhadi a kubanki. Mabwanawo sindinamve kuti ananena chiyani, anthu otero sanena. Okuwa pa kamera aja anapanga mavidiyo atsopano, nkhope zachisoni, akuti nawonso ananamizidwa, ndipo mavidiyo olirawo anawadyetsanso. Ba dikoni anati sadziwa za magemu. Anyamata amene ankandikakamiza kubwereza vidiyo anati ndinawalodza ndi pakamwa. Mlandu uli ngati madzi a mvula a mu Kafue muno. Suima pamtunda, umatsetsereka mpaka upeze nyumba ya m'dambo. Kumunsi kwanga kunalibe wina woti ndimukankhire.

Ba dikoni anawabwezera anyamata aja ndalama zawo, poopa makolo. M'mawa wina ndinapeza pansi pa tivi pali fumbi lokha lamakona anayi. Mashini anali m'kabati yosungiramo makina ometera, loko watsopano akulendewera. Anati akhala mmenemo kufikira nditabweza zonse zimene iwo anataya: disiki, mabandulo, petulo, ngakhale utoto wa pakhoma. Ndinawakumbutsa kuti ndinati tidikire. Anati sakukumbukira. Ndinawauza kuti ndalama analandira ndi iwo. Anati analandira chifukwa cha mawu anga.

"Nipaseni chabe mashini yanga niyende," ndinatero.

"Mwana wanga, usakambe monga wakunja. Tizakambilana ku tchalitchi."

Ndinafuna kupita kupolisi. Amayi anakhala pakhomo n'kundiuza kuti ndikapita ndiwapondere pamutu. Anati m'bale satengera m'bale kwa akunja, anati ba dikoni ndiwo anatsogolera maliro a bambo, ndiwo anasonkhetsa ndalama za bokosi, anati nanga iwo, amayi anga, adzakhala pati Lamlungu. Ine ndilibe mantha ndi dikoni, koma amayi anga alibe china chilichonse kupatula tchalitchi chimenecho. Ndinavala malaya a kolala n'kupita.

Nkhaniyo inakambidwa mapemphero atatha, m'kalasi imene mpingo umabwereka, titakhala pamadesiki a ana. Panali abusa ndi akulu a mpingo. Tinayamba ndi pemphero lalitali. Palibe anafunsa kuti mashiniwo anagula ndani. Anandifunsa chifukwa chimene ndinasiyira kubwera kumapemphero a achinyamata. Anandifunsa ngati pa phindu limene ndinkalandira ndinkapereka chakhumi. Mayi wina wamkulu, atamva za anthu opanda nkhope, anafunsa ngati sindikuona ndekha kuti ndinalowetsa ziwanda m'nyumba ya mtumiki wa Mulungu. Ba dikoni analankhula mofatsa, maso pansi, anati iwo ankangofuna kuthandiza mwana wamasiye. Ine nditayamba kufotokoza za chikwangwani ndi za thumba la malaya, anandiuza kuti nditsitse mawu, sitili pasiteshoni.

Chigamulo chinali chakuti tonse tinalakwa, choncho tikhululukirane. Ba dikoni andikhululukire ngongole, ine ndiwakhululukire mkwiyo umene ndinali nawo. Za mashini anati akhale kaye m'manja mwa munthu wamkulu kufikira nditaonetsa zipatso za kulapa, popeza mashiniwo ndiwo anandisocheretsa. Anatiimiritsa kuti tigwirane manja. Amayi anatseka maso n'kunena ameni kuposa onse. Ndinayang'ana nsapato zawo za Lamlungu, zosokedwa ndi waya kuchidendene, ndipo ndinapereka dzanja. Chikhululukiro chimakoma kwa amene katundu ali m'kabati mwake.

Mayi wa nsomba uja anali atapeza kale wina wa njinga. Masiku ano ndimathirira ndiwo m'dimba la munthu ku Shimabala ndi kunyamula mabokosi a tomato kupita nawo kumsewu. Za magemu ndinasiya kutsatira, foni ndinagulitsa. Zipatso za kulapa palibe amene anandiuza kuti zimaoneka bwanji, ndipo palibe wabwera kudzaona ngati zapsa.

Chaka chitapita ndinatumidwa ku Kafue Estates kukasiya tomato, ndipo njira inandidutsitsa pashopu paja. Ndinamva phokoso ndisanafike. Chitseko cha kachipinda chinali chotsegula, mphwawo wa ba dikoni atakhala pakona panga. Pa tivi panali mtsinje. Bwato linkayenda pakati pa bango, nkhafi ikulowa ndi kutuluka m'madzi, mvuu ikumira chapatsogolo. Opanga aja anali ataikonza pang'onopang'ono, mwakachetechete, mpaka inakhala chimene inayenera kukhala poyamba. Pansi pa tivi ndinaona tepi wakuda pachingwe.

Wogwira padi anali mwana wa msodzi. Anatembenuka, anandiona, n'kumwetulira ngati tinasiyana dzulo.

"Ba mneneri, munakamba zoona. Bwelani muone, nafika mpaka ku malo ya mvuu."

Ba dikoni anatuluka ndi chipeso m'manja. Anandifunsa za amayi, anandiuza kuti ndaonda. Kenako analoza chipinda chodzazacho.

"Waona? Kuleza mtima kumalipila. Ngena, gemu imozi nizakupasa mahala, osalipila."

Ndinawafunsa ngati tsopano, popeza mtsinje watseguka ndipo zotayika zawo zabwerera, ndingatenge mashini anga. Anati nkhani imeneyo inatha pamaso pa abusa, ndipo wokhululuka sakumba zokwirira. Anabwerera kwa munthu amene anamusiya pampando ndi theka la mutu.

Sindinalowe. Ndinakweza bokosi paphewa n'kupitiriza ulendo. Opanga gemu anapepesa kwa anthu awo, okuwa pa kamera akukuwira ina yatsopano, anyamata ali pamtsinje. Ine chipepeso sindikuchifuna, ndipo dzina lija akhoza kupitiriza kundiitana nalo. Ba dikoni ali ndi mashini anga, mapadi awiri, imodzi ya batani lomira, ndi chingwe cha malaiti cholumikiza ndi tepi wakuda.