Apongozi Sanaimve Hutala ya Malita

Mu Ndirande muno mulibe wogulitsa amene anandigonjetsapo pa kunenerera. Mawu amenewa ndinkawanena pagulu, chifuwa chili patsogolo, ndipo anzanga ogulitsa nawo nsapato za kaunjika ankavomereza. Ndinkafika pa benchi la munthu, kuchigwira chinthu, kuchinyoza mpaka mwini wake kuyamba kuchita nacho manyazi, kenako n'kutembenuka ngati ndikupita. Pondiitana, mtengo unali utagwa kale. Inu owerenga, luso limeneli ndi limene landisiyira galimoto yolira bwinobwino koma yosayenda, ndipo ndikulemba kuti zimene zinandionekera ine zisakuonekereni.

Galimotoyo si yanga kwenikweni. Anagula ndi mkazi wanga Malita, amake Tadala, amene anatisiya chaka chatha. Ndi yakale ndithu, ya otomatiki, chifukwa iye ankati miyendo iwiri singalimbane ndi mapedulo atatu. Ankakapikulira tomato ndi anyezi ku Bvumbwe. Mpaka lero pampando wake pali chitenje chimene ankayala, ndipo ukatsegula chitseko umalandiridwa ndi kafungo ka anyezi kosakanikirana ndi mafuta ake odzola.

Kwawo kwa Malita ndi ku Thyolo. Amayi ake, apongozi anga, maso anafooka kalekale, koma makutu ndi akuthwa. Malita akamakwera kachitunda kolowera pakhomo ankaliza hutala mwa njira yakeyake, modukizadukiza kenako mokoka, ndipo gogoyo ankayamba kululutira galimoto isanaoneke n'komwe. Pamaliro anandigwira mkono n'kundipempha chinthu chimodzi: kuti tsiku lovundukula chiliza ndidzapite pa galimoto ya mwana wawo, ndikailize hutala ija, amve ngati wabwera. Ndinalonjeza.

Tsikulo likuyandikira, ndinaona kuti m'mawa galimoto ikumachedwa pang'ono kulowa giya. Ndinapita nayo ku Chilomoni kwa a Chikopa, makaniko amene Malita ankapitako nthawi zonse. Za bambo ameneyu tinkakangana m'nyumba mwathu. Malita, amene pa tomato ankanenerera mpaka mlimi kugwira mutu, kwa a Chikopa ankangolipira osatsutsa. Ndinkamuseka kuti akumudyera. Iye ankati pali zinthu zina zosanenerera, ine n'kumati palibe.

A Chikopa anasolola kachitsulo koyezera oyilo wa giyabokosi, n'kukapukuta pa kansalu koyera, n'kununkhiza. Oyiloyo anali atada, osati wofiira ngati watsopano. Anati afunika kusintha, koma mwaulemu: kukhetsako pang'ono, kuthira watsopano wa mtundu weniweni umene galimotoyi imafuna, kuyenda nayo kaye, kenako kudzabwerezanso. Anati giyabokosi yokalamba imazolowerana ndi oyilo wake wakale, ndipo ukaitsuka yonse tsiku limodzi magiya amayamba kuterereka. Atatchula mtengo ndinaseka. Ndinanyoza galaja yawo, ndinanyoza ngakhale galu wawo, n'kutembenuka ngati ndikupita. Sanandiitane. Anangoti, "Bambo a Tadala, yendani bwino. Koma galimoto ya mayi aja musakaitsukitse."

Wonenerera akatembenuka koma osaitanidwa, khosi limauma. Ndinalowa m'galimoto n'kubwerera ku Ndirande.

M'mbali mwa mtsinje wa Nasolo muli Dayisoni, amene amagulitsa oyilo n'kusinthiranso pomwepo. Poyamba anatulutsa chigubu chomata bwino, chosatsegula. Ndinayamba ntchito yanga. Ndinati chigubucho chaonekeratu kuti chatha zaka padzuwa, ndinati ku Limbe akugulitsa motchipa, ndinati ndine wamasiye. Ndinatembenuka, ndipo uyu anandiitana. Mtengo unagwa mpaka ine ndemwe ndinadabwa. Dayisoni anamwetulira, anabweza chigubu chija pa shelefu, n'kunena kuti, "Dikirani pang'ono, bigi." Anapita kuseri kwa shedi n'kubwera ndi mabotolo a madzi akumwa odzaza oyilo wofiira.

Apa ndi pamene ndimadziseka mpaka misozi. Inetu ndine wogulitsa. Kasitomala akandipanikiza mopitirira, ndimavomera, ndimamwetulira, n'kupita kuseri kukamutengera nsapato yomata ndi guluu. Kumwetulira kumeneko ndimakudziwa ngati nkhope yanga. Koma tsikulo ndinaledzera ndi kupambana, ndipo ndinangoona kufiira kwa oyiloyo n'kuti basi ndi yemweyo.

Sindinalekere pomwepo. Wonenerera weniweni sachoka wopanda basera. Ndinamuuza Dayisoni kuti basera wanga akhale kunditsukira giyabokosi yonse. Inde, chinthu chomwe chija anandiletsa a Chikopa, ine ndinachipempha ndi pakamwa panga chifukwa chinali chaulere. Anakhetsa oyilo yense, anatsuka ndi palafini, ndipo mu beseni munatuluka zakudazakuda. Ndinaima pamenepo manja m'chiuno, ndikunena mumtima kuti Malita akanaona mmene ndaiyeretsera galimoto yake.

Masiku oyamba inayenda ngati yatsopano, ndipo pamsika ponse anamva mbiri yanga.

Loweruka la chiliza tinanyamuka m'mawa, ine ndi Tadala, mwana wathu wamkazi, atanyamula nkhata ya maluwa pamiyendo. Limbe tinadutsa bwino. Titangopitirira Chigumula, pa chitunda china, ndinaponda mafuta. Injini inakuwa, koma galimoto inayamba kufooka. Ndinapondanso, inakuwa kwambiri, liwiro likutha ngati munthu wothamanga m'maloto. Kenako kunabwera fungo la chinthu chopsa, ndipo tinaima. Ndinayesa giya ili yonse, ngakhale yobwerera m'mbuyo. Injini inkalira mokoma, matayala ali duu.

Tadala sanakuwe. Anangondiyang'ana n'kufunsa motsitsa mawu, "Adadi, mwaitani galimoto ya amami?" Ine ndinangotsegula chitseko n'kutsika.

Anthu anatithandiza kuikankhira pambali, tinaisiya m'manja mwa mayi wina wogulitsa makala, n'kukwera minibasi. Minibasiyo inkaima paliponse pamene paima munthu. Tinafika nyimbo yomaliza ikuimbidwa, nsalu itachotsedwa kale pa chiliza. Achibale anandiuza kuti gogo uja anachedwetsa mwambo wonse, atakhala pakhonde khutu lili kumsewu, akukana kunyamuka mpaka abusa anachita kumupempha.

Nditagwada kuwapatsa moni, apongozi anandigwira nkhope ndi manja awiri. "Mkamwini, ine ndamva mapazi okhaokha. Mwana wanga mwamusiya kuti?"

Inu owerenga, ndakhala ndikutsitsa mitengo moyo wanga wonse, koma funso limenelo linalibe potsitsira.

Galimoto tinachita kuikoka. A Chikopa anabwera okha ku Ndirande, ananunkhiza kachitsulo kaja, n'kupukusa mutu. Anati oyiloyo sanali wa mtundu wake, ndipo zam'kati mwa giyabokosi zapserera. Pafunika ina, koma ya galimoto yakale chonchi ndi yosowa. Sanandinyoze. Bwenzi atandinyoza, ndikanapeza poyankhira.

Lero ili pa miyala kuseri kwa nyumba. Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi ndimalowamo, ndimailiza injini kuti batire isafe, n'kukhala kumpando wa pasenjala kumene ndinkakhala Malita akamayendetsa. Ndimayang'ana chitenje chija. Nthawi zina ndimadzipeza ndikumuuza kuti achepetse liwiro. Tsiku lina Tadala anaimbira foni agogo ake, ine n'kuliza hutala modukizadukiza kenako mokoka. Gogo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Ndi yomweyo, koma sikubwera." Akukalamba, ndipo sindikudziwa ngati giyabokosi ija idzapezeke iwo akadamva.

Tsono ndikupempheni. Ngati muli ndi galimoto yakale ya otomatiki, oyilo wa giyabokosi musamusinthe ngati mukutsuka poto. Funsani mtundu weniweni umene galimoto yanu imafuna, gulani womata, ndipo atsegule inu mukuona. Kufiira si umboni. Makaniko amene amaidziwa galimotoyo akati pang'onopang'ono, mverani. Ndipo wogulitsa akavomera msanga n'kulowera kuseri, musadikire kuti abwere, nyamukani. Malita ankanena zoona, pali zinthu zina zosanenerera. Ndazidziwa mwini wake atapita, ndipo ndilibe womuuza kuti wandiposa.

Dayisoni ndimakumana naye pafupifupi tsiku lililonse. Amandikwezera dzanja patali, n'kuuza anzake kuti, "Awo ndi madala ovuta, anandifinya mpaka basera!" Anzakewo amandiyang'ana mwaulemu, ine n'kukweza dzanja langa. Mtengo ndinatsitsa, basera ndinalandira, mbiri yanga pamsika ikadalipo. Ku Thyolo gogo akadakhala pakhonde, khutu lili kumsewu. Ndiuzeni inu owerenga, pa malonda amene aja anapambana ndani?