Dzino la Achemwali Anga

Kwathu achemwali ndiwo chisamba, ine mzime. Pakati pathu pali zaka zambiri ndithu, moti anandiberekapo kumsana, ndipo mpaka lero ndikawatsutsa amandikumbutsa kuti ndinawakodzera diresi lawo lakusukulu. Ndili ndi imvi m'ndevu, ndili ndi ana, koma kwa iwo ndikadali kamwana ka mamina.

Ntchito yawo ndi yautelala. Shopu yawo ndi kachipinda kuseri kwa sitolo ya zitsulo, mopanikizana makina awiri, thebulo lodulirapo nsalu, simbi, ndi mulu wa zovala za eni ake womwe suchepa. Pa luso lokha sindingawanene. Munthu amangolowa, iwo n'kumuyang'ana kamodzi, adziwa kale kuti phewa lina ndi lotsika. Vuto lawo ndi liwu limodzi lokha: mawa. Zipi mawa, kupinda mawa, mabatani mawa. Makasitomala anachita kuwapatsa dzina loti a Mawamawa, ndipo iwo amavomera mosangalala ngati ndi dzina laulemu.

Mawa wa zipi sapha munthu. Koma achemwali mawa yemweyo ankamuuzanso nesi.

Papita zaka pamene anawapeza ndi BP. Kenako anawauza kuti shuga nayenso wakwera. Anawapatsa mapilitsi oti azimwa tsiku lililonse, iwo n'kuwaponya m'chitini cha mabatani. Ankamwa mutu ukawawa basi.

"Achemwali, mankhwalawa anati tsiku ndi tsiku," ndinkatero.

"Iwe, munthu angamwe mapilitsi tsiku ndi tsiku ngati chakudya? Ukundiona ngati ndikudwala ine?"

Chakudya chenichenicho ndiye musanene. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa ali pampando, chodzukira n'kukatenga simbi basi. Tiyi wawo supuni inkachita kuima ndi shuga. Masana ankaitanitsa nyama yokazinga, ija yonona, mafuta ali chuchuchu papepala, n'kuthira mchere asanalawe n'komwe. Pakhomo pa shopu pamakhala alamu anga, omwe anapuma ntchito yaulonda, akusuta fodya ndudu pa ndudu, utsi wonse ukulowa m'kachipinda kopanda windo lenileni. Ndikati ndilankhule, onse awiri ankandiyang'ana ngati ndabwera kudzalalikira pamowa.

Chimene chinkandinyansa kwambiri n'chakuti tonse tinaona mmene bambo athu anapitira. Anali pabwalo akutsuka njinga yawo, anangoti chifuwa chathina, n'kukhala pansi, osadzukanso. Kuchipatala anatiuza kuti unali mtima, ndipo anatichenjeza kuti matendawa nthawi zina amayenda kumtundu. Achemwali analipo, anamva ndi makutu awo. Koma ndikawakumbutsa ankati, "Bambo anali mwamuna. Za mtimazo ndi za azibambo amimba zikuluzikulu."

Chaka chathachi zinthu zinayamba kuonekera. Choyamba kunali kutopa. Munthu amene ankasoka mpaka maso kuchita mdima anayamba kuwodzera pamakina masana dzuwa likuswa mtengo. Akuti ndi ukalamba. Kenako befu. Kusitolo kumene amagula nsalu kuli masitepe, ndipo tsiku lina nditawaperekeza anaima pakati, atagwira chitsulo, akupuma ngati athamanga. Akuti masitepe a masiku ano amamanga otalika. Pachifuwa pakawatentha ankati ndi chilungulira, n'kusungunula soda m'madzi, kumwa, kugeya, basi nkhani yatha. Dzanja litayamba kuphwanya anati sizasi yabuntha.

"Koma mumadula ndi dzanja lamanja, lomwe likuphwanyalo ndi lamanzere."

"Lamanzerelo ndi limene limagwira nsalu. Iwe ukudziwa chiyani za kusoka? Kayendetse galimoto yako uko."

Chizindikiro chilichonse anali nacho ndi yankho lake, lokonzeratu, lositasita. Mwana wawo wamkazi, yemwe ndi mphunzitsi, anayesa kuwanyengerera, anayesa kulira, anayesa kukalipa. Yankho linali lomwe lija: ndipita mawa, ndingomaliza mayunifomu awa.

Ine ntchito yanga ndi yoyendetsa galimoto yogawa buledi m'masitolo. Tsiku lina nditamaliza kugawa ndinadutsira kushopu kuti ndingowaona. Ndinapeza alamu palibe, akuti apita kukameta. Achemwali anali pampando, makina ali zii, tepi yoyezera ili m'khosi. Nkhope inali itatuwa ngati phulusa. Thukuta linali kamukamu pamphumi ndi pamlomo, chonsecho kunja kunali mitambo ndi kamphepo kozizira. Dzanja limodzi anali atagwira nsagwada.

"Wabwera bwino," anatero. "Undiperekeze ndikazulitse dzino."

"Dzino liti?"

"Kaya. Lina lake la pansipa. Nsagwada yonse ikuwawa, mpaka m'khosi, mpaka kumsana kuno pakati pa mapewa."

"Dzino lopweteka mpaka kumsana? Nanga thukutali?"

"Simbi."

Ndinagwira simbi ija. Inali yozizira ngati mwala. Pansi pa thebulo panali beseni, ndipo nditasuzumira ndinaona kuti anasanza.

"Achemwali, tiyeni kuchipatala pompano."

"Ndati kwa dokotala wa mano. Ngati sukufuna nena, ndikwera basi."

"Pachifuwapo pakumveka bwanji?"

"Palibe. Pangolemera pang'ono, ngati wina wandisenzetsa mulu wa nsalu. Ndi diresili, ndinalithinitsa."

Ndinakumbukira bambo atakhala pansi pafupi ndi njinga. Koma achemwali ndimawadziwa. Ukawakoka amakhwimitsa miyendo ngati mbuzi yopita kumsika. Mwayi wake, chipinda cha mano chili mumpanda umodzi ndi chipatala chachikulu. Ndinangoti, "Chabwino, tiyeni tikazule dzinolo."

Mukuganiza kuti ananyamuka? Ayi. Anayamba kaye kupinda nsalu ya kasitomala kuti isalowe fumbi. Anafunafuna loko. Anati adikire amuna awo awasiyire makiyi. Ndinatenga loko uja, kukhoma, makiyi kusiyira mwini sitolo ya zitsulo, kenako kuwagwira mkono mpaka m'galimoto. Masitepe ochepa okwerera m'galimoto anawatengera mpweya wonse.

M'njira, munthu akupuma movutika chotero, pakamwa pokha sipanadwale.

"Usathamange, sindikufuna kufera m'galimoto ya buledi."

"Mungokhala chete, achemwali, sungani mpweya."

"Ukundiuza ine kuti ndikhale chete? Ndinakusambitsa ine."

Titafika ndinapempha anthu a pamzere kuti atilole tilowe, ndipo atawaona nkhope palibe anadandaula. Dokotala wa mano anali mayi wachitsikana, wa magalasi. Anawakhazika pampando wautali uja, kuunika m'kamwa, kugogoda dzino ili ndi ilo.

"Apa pakupweteka, mayi?"

"Ayi."

"Nanga apa?"

"Ayi. Koma zulani lililonse la mbali imeneyo, limodzi mwa amenewo ndilo."

Ine ndinalephera kupirira. "Adokotala, pepani kulowerera. Asanza, akutuluka thukuta lozizira, pachifuwa akuti palemera, dzanja lamanzere lakhala likuphwanya. Ali ndi BP ndi shuga, ndipo mankhwala samwa."

"Bodza! Ndimamwa!"

"Mumamwa liti?"

"Pakafunika. Adokotala, musamumvere uyu, ndi mzime, anakula molekereredwa."

Dokotala uja sanaseke. Anavula magulovu, kugwira achemwali pamkono, n'kutsegula chitseko kuitana nesi mokweza. "Mayi," anatero, "mano anu alibe mlandu. Ndikuopa kuti ndi mtima. Musadzuke, akubweretserani njinga."

"Njinga ya chiyani? Miyendo ndili nayo."

Anawakweza panjinga ya odwala akukanabe, tepi ili m'khosi, n'kuwathamangitsira kuchipinda cha matenda adzidzidzi. Kumeneko anawapatsa piritsi loti atafune, kuwamata timawaya pachifuwa, kuwatenga magazi, kuwaika diripi. Ine ananditulutsa panja. Ndinaimbira foni mwana wawo ndi alamu, kenako ndinakhala pabenchi. Ndinali ndi mantha, inde, koma kunena zoona mkwiyo unali wochuluka kuposa mantha. Munthu wamkulu, wanzeru zake, woti amaona phewa lopendekeka ali patali, kulephera kuona zimene zikuchitika m'thupi mwake!

Zinthu zitakhazikika, dokotala wa mtima anatiitana pafupi ndi bedi lawo. Anali bambo wodekha, wolankhula pang'onopang'ono. Anati mtima nawo umadya, ndipo chakudya chake ndi magazi amene amadutsa m'timitsempha take. M'kupita kwa zaka mafuta amamatirira m'timitsemphato, njira n'kumachepa. BP yosasamalidwa, shuga, utsi wa fodya, zakudya zonona, kunenepa ndi kukhala malo amodzi tsiku lonse, zonsezo zimafulumizitsa. Tsiku lina magazi amaundana pamalo popanikizika paja, njira n'kutsekeka, ndipo mbali ina ya mtima imayamba kufa.

"Anthu ambiri amadikira ululu woopsa wa pachifuwa," anatero. "Koma ena, makamaka amayi ndi odwala shuga, saumva choncho. Amangomva kutopa, befu, mseru, thukuta lozizira, kuwawa kwa nsagwada, msana kapena dzanja. Zikatero si za mawa ayi. Mukanachedwa pang'ono, bwenzi tikukamba zina."

Mwana wawo anali akulira. Alamu anangoti zyoli, dzanja lili pathumba la shati pomwe pamakhala ndudu. Tonse tinayang'ana achemwali kudikira kuti mwina tsopano mawu alowa. Iwo anasuntha kachipangizo ka mpweya komwe anawaika pamphuno n'kufunsa kuti:

"Ndiye dzinoli mundizula liti?"

Ndinatuluka panja. Ndikanakhala, ndikanalankhula mawu oti mlongo salankhula kwa mlongo wake.

M'chipatala anakhalamo ndithu, ndipo anesi anawadziwa. Nesi wina achemwali anamuuza kuti yunifomu yake anaisoka ndi munthu wopanda chisoni. Wina anamugwira m'chiuno n'kumuuza kuti abwere kushopu adzamubwezere yunifomu yake. Chakudya cha odwala ankachikankha, akuti chikukoma ngati pepala. Foni inkangolira, makasitomala kufunsa zovala zawo, iwo n'kumayankha ali chigonere kuti angobwera kudzapuma pang'ono, madokotala akukokomeza.

Atatuluka, mwana wawo anasamukira kwawoko kwa kanthawi. Anagula kabokosi ka mapilitsi kolemba masiku, n'kumaima pomwepo mpaka amezedwe. Mchere unachepa, nyama yonona inasowa, tiyi anasanduka wa supuni imodzi. Nkhondo yake inali ya tsiku ndi tsiku. Tsiku lina anawapeza ndi kapepala ka mchere m'thumba la epuloni, iwo n'kunena kuti ndi kochotsera dzimbiri pa simbi. Alamu anauzidwa kuti fodya asiye kapena azikasutira kutsidya kwa msewu. Anasankha kutsidya, koma mvula itawanyowetsa kangapo anayamba kuchepetsa okha, ndipo pano amangotafuna kamtengo.

Dokotala anatinso aziyenda m'mawa uliwonse. Loweruka ndi Lamlungu ntchito yowaperekeza ndi yanga. Timayenda mpaka pa mphambano n'kubwerera, iwo akung'ung'udza njira yonse kuti munthu wa ntchito zake azingoyenda opanda kopita ngati galu wosokera. Aliyense amene tikumana naye amamupeza chifukwa: uyu siketi yakhota, uyo thalauza anamudulira mwendo umodzi waufupi. Koma befu uja anachepa, ndipo nkhope inabwerera mwakale. Zimenezo sindiwauza, angayambe kunena kuti achira.

Posachedwapa ndinadutsanso kushopu. Ndinapeza mwana wawo atakhala pakona akuchonga ntchito za ana asukulu, achemwali akuyeza mayi wina wonenepa bwino amene ankadandaula za chilungulira chosatha. Ndinamva achemwali akuti:

"Mayi, musamachite masewera ndi thupi. Chilungulira china si chilungulira. Mukamva pachifuwa kulemera, thukuta lozizira, nsagwada kuwawa, thamangani kuchipatala tsiku lomwelo. BP munayezetsa liti? Pitani mukayezetse. Ine pano ndili moyo chifukwa ndimalimvera thupi langa. Tsiku limenelo ndinangodziwa ndekha kuti uwu ndi mtima. Mlongo wanga uyu atafika ndinati, iwe, tiye kuchipatala msanga. Iye n'kumachita chidodo, mpaka m'njira kumayendetsa ngati wanyamula mazira."

Mayi uja anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kupukusa mutu. "Amuna ndi choncho," anatero.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, koma mwana wa achemwali anandiponda phazi mwamphamvu, maso ali pa makope ake.

"Amalume," ananong'ona, "adokotala anati tisamawakwiyitse."