Uvuni wa Mayi Ida pa Chileka

Mayi Ida Chande anabadwira ku Lirangwe, kwa makolo amene anachokera kwa Apwitikizi akadali ana. Amuna awo, a Greyson, anapita ku Halale kukafuna ntchito chaka chimene Chitaganya chinayamba, ndipo anatchona konko. Mayi Ida sanakhale pakhonde kudikira. Anagulitsa mbuzi zawo, n'kumanga kanyumba ka tiyi m'mbali mwa msewu wopita ku bwalo la ndege la Chileka. Munali mabenchi, ketulo wamkulu, ndipo kuseri kunali uvuni wa njerwa.

Malonda a pamenepo anali ndi nyengo yake. Anthu akangokolola, amuna ankakhamukira ku Chileka kudikira ndege yopita ku migodi ya ku Joni, aliyense ndi omuperekeza ake. Tiyi ankatha asanazizire. Koma mvula ikagwa, msewu unkangoti zii.

Chimene chinkawasautsa Mayi Ida sichinali fulawa kapena shuga, koma antchito. M'chilimwe pankafunika manja ambiri, pomwe m'dzinja analibe chowapatsa, nawonso eni ake ankathamangira ku minda. Mtsikana akangodziwa kulandira alendo, ankakwatiwa. Anyamata ankathira tiyi uku akumvetsera nkhani za ku Joni, ndipo tsiku lina Mayi Ida ankangowaona ali pamzere wa okwera ndege, bulangeti kukhwapa. Chaka chilichonse ankayambiranso kuphunzitsa anthu atsopano kutsuka makapu.

Munthu mmodzi yekha ndi amene ankabwerera: a Petro, bambo wachikulire wotsimphina mwendo, amene kale ankaphikira mzungu wa pa esiteti ina. Ku migodi anawakana chifukwa cha mwendowo. Masikono awo ankafufuma bwino, ofewa, moti madalaivala a malole ankaima dala kudzagula. Koma nawonso, mvula yoyamba ikangonunkha, ankapukuta m'manja n'kunyamuka ulendo wa kumunda kwawo ku Lirangwe, ngakhale fulawa atakandidwa kale.

Mu February 1959, chimanga chili m'chiuno, pa Chileka panayamba kutera ndege zachilendo. Zinkatula asilikali ochokera ku Rhodesia, chifukwa dziko linali litatentha ndi mkangano wa Chitaganya. Mayi Ida anali okhaokha m'kanyumba kawo pamene lole inaima pakhomo. Anatsika sajeni wachizungu, limodzi ndi msilikali wachikuda womasulira.

"Bwana akuti amva kuti pano pali masikono abwino," anatero womasulirayo. "Akufuna dengu lodzaza, m'mawa uliwonse."

"Auzeni kuti ophika ali kumunda. Ino si nyengo yake."

Sajeni uja anayang'ana denga, n'kuyang'ana kumene kunali bwalo la ndege, kenako anayankhula mwachidule.

"Akuti nyumba ino yayandikira kwambiri bwalo. Ngati ilibe ntchito kwa iwo, aigwetsa." Womasulirayo anatsitsa mawu. "Mayi, ingopezani njira. Sakuseka ayi."

Tsiku lomwelo Mayi Ida anakwera lole ya nkhuni kupita ku Lirangwe. Anawapeza a Petro ali m'munda, akubandira, matope mpaka m'maondo.

"A Petro, ndabwera kudzakugwirani mwendo."

Atamva nkhani yonse, a Petro anatsamira mpini wa khasu. "Mayi, mukuona udzuwu? Ndikachoka pano, ana anga adya chiyani chaka chino?"

"Ndipeza aganyu."

"Aganyu mwezi uno? Aliyense ali m'munda mwake. Komanso kuphikira asilikali a Chitaganya, anthu atiyesa chiyani?"

"Akagwetsa nyumba ija, chilimwe chikubwerachi inu ndi ine tilibe kolowera," anatero Mayi Ida. "Munda ukakanika, chimanga cha m'nkhokwe mwanga tidzagawana."

A Petro anasiya khasu, n'kupita kukasamba m'miyendo.

Uvuni unayakanso. M'mawa uliwonse lole inkabwera, dengu linkakwera, ndipo anthu odutsa mumsewu ankaona. Posakhalitsa ena analeka kupereka moni. Amayi amene ankabweretsa nkhuni anasiya kubwera osanena chifukwa. Tsiku lina kunafika a Julius, mng'ono wa a Greyson, amene anali wa chipani cha Kongiresi. Anakana kukhala pabenchi.

"Alamu, dzina lanu lafika poipa. Anthu akuti ndinu kapirikoni, wogulitsa anzanu kwa azungu, mukudyetsa adani athu."

"Ndine kapirikoni ine? Achimwene anu atandisiya, alipo anandibweretsera ngakhale mchere?"

"Ine sindinabwere kudzakangana. Ndabwera kudzakuchenjezani. Anyamata akatentha mutu, sindingathe kuwagwira."

A Petro anamva zonsezo ali kuseri. Madzulo ake anakulunga bulangeti lawo, koma Mayi Ida anaima pakhomo.

"Mukandisiya lero, mawa ndimuuza chiyani mzungu uja?"

"Mukanati mundifunse kuti ine ndiwauza chiyani anthu akwathu," anayankha a Petro. Komabe anamasula bulangetilo.

Kumayambiriro kwa March boma linamanga atsogoleri ambiri a Kongiresi, ndipo anthu anakwiya. Anagwetsa mitengo m'misewu, anakumba maenje. M'mawa wina, masikono ali kale mu uvuni, Mayi Ida anamva phokoso panja. Atasuzumira anaona gulu la amuna, ena ndi zikwanje, mmodzi atanyamula botolo la palafini. A Julius anali kutsogolo, manja atatambasula, akuyesa kuwabweza.

"Dengu limenelo likangotuluka, nyumba ino ipsa!" anakuwa wa botoloyo.

Mayi Ida anatuluka n'kuima pakhomo. "Ana anga, ndikapanda kupereka aigwetsa. Ndikapereka muitentha. Tandiuzani inuyo, ndichite chiti?"

Nthawi yomweyo chapatali kunamveka kulira kwa lole. Gululo linabalalikira m'chimanga cha tsidya la msewu, koma silinachoke. Mitu inkaoneka pakati pa mapesi, maso onse ali pakhomo lija.

Mayi Ida anathamangira kuseri. Utsi wakuda unkatuluka mu uvuni, ndipo a Petro anali atakhala pachitsa, manja ali m'maondo.

"A Petro! Akupserera!"

"Ndawonjezera nkhuni dala, mayi. Asiyeni."

"Mwandipha!"

"Iyayi. Mukanene kuti wophika waononga. Inu simunakane, ndipo dengu silinatuluke."

Lole inaima. Sajeni analowa mpaka kuseri, womasulira ali pambuyo pake. Anatsegula uvuni ndi nsonga ya nsapato, n'kuona makala okhaokha m'malata. Anayang'ana tsidya la msewu, kumene mapesi ankagwedezeka popanda mphepo, kenako anatembenukira kwa Mayi Ida.

"Akufunsa kuti wakutumani ndani kuchita zimenezi," anatero womasulira.

Mayi Ida anayang'ana tsidya la msewu. A Julius anali m'chimanga muja, ndipo dzina limodzi lokha likanakwanira. Mayi Ida asanatsegule pakamwa, a Petro anaimirira.

"Muuzeni kuti ndinasinza. Ndine nkhalamba."

Sajeni sanakhulupirire. Anawamenya khofi, a Petro n'kugwera pa nkhuni. Asilikali awiri anawanyamula n'kuwaponya m'lole. Mayi Ida anagwira chitseko cha kumbuyo akufuula kuti munthuyo ndi wolumala, ali ndi ana, koma lole inanyamuka n'kuwagwetsa m'matope. Amene anabwera kudzawadzutsa anali mnyamata wa palafini uja. Mayi Ida anakankha dzanja lake, n'kudzuka okha.

Nyumba ija sanaigwetse, ndipo sanaitenthe. Mayi Ida anaikhoma okha n'kupita ku Lirangwe. Anakauza akazi a a Petro zimene zachitika, atagwada pansi ngati wopalamula. Kuyambira tsiku limenelo ankalawirira kumunda kwa a Petro, osati kwawo. Udzu unali utapambana kale, moti zokolola sizinadzaze nkhokwe, ndipo anagawana chimanga chawo monga analonjezera.

A Petro anatulutsidwa mvula itatha, ataonda, khutu limodzi silikumva. Sananene zambiri za kumene anali. Chilimwe chitafika, amuna a ku Joni atayambanso kudzaza msewu, Mayi Ida anapita kukawaona kuti akawapemphe abwerere.

"Ndikudziwa chimene mwadzera," anatero a Petro. "Ku Chileka sindipondakonso. Tumizani munthu, ndimuphunzitse konkuno."

Anatumiza a Edina, mayi wamasiye amene analibe munda wowaitana mvula ikagwa. A Petro anawumba kauvuni ka dothi kuseri kwa nyumba yawo, n'kuwaphunzitsa mpaka masikono anayamba kufufuma. A Edina anakhala pa Chileka dzinja ndi chilimwe, ndipo Mayi Ida anapumako. Koma patapita zaka zingapo, mwini hotela ina ya ku Limbe analawa masikonowo ali pa ulendo, n'kukopa a Edina ndi malipiro abwino. Mayi Ida anawaperekeza okha kokwerera basi, atawasenzera katundu. Pobwerera anadzera ku tchalitchi kukafunsa ngati kuli mayi wina wofuna ntchito.