Chitenje Pamwamba pa Buluku

Ndikukumbukira Loweruka lina m'mawa, m'nyumba yathu ya ku Takoma Park, bambo atayala mapu pathebulo lodyera, chala chawo chili pa kaphiri kena ka ku Pennsylvania. Munali m'zaka za m'ma 1980, ine ndili mu giredi yachitatu. Mawindo anali atachita nthunzi, mapaipi otenthetsa m'nyumba akulira ngati wina akuwagogoda ndi supuni. Bambo anakweza mutu n'kunena kuti, "Chaka chino nafenso tikatsetsereke pa sinowo." Ndinakuwa ndi chimwemwe mpaka mlongo wanga Chifundo, wa zaka zitatu, anayamba kulira osadziwa chimene chagwa.

Masewero amenewa, aja amati sikii, anzanga kusukulu ankawakamba Lolemba lililonse m'nyengo yozizira. Ankabwera ndi kapepala kolowera kuphiri kali lende pa zipi ya jekete, ndipo sankakachotsa mpaka mitengo itaphuka. Ine kapepala kameneko ndinkakafuna kuposa chidole chilichonse.

Nyumba yonse inatekeseka. Bambo madzulo aliwonse ankabwera ndi nzeru yatsopano yochokera kwa anzawo a kuofesi, n'kumatisonyeza pabalaza mmene munthu amapindira mawondo, iwo eni asanapondepo phiri la sinowo chibadwire. Amayi ankakonza kamba ngati tikukwera basi ya ku Mzimba: mandasi, nkhuku yokazinga, mazira owiritsa, tiyi wa m'fulasiki. Chifundo anamuyesa majuzi ophatikizaphatikiza mpaka manja ake anangoti tambalale, osatheka kutsika.

Kenaka panabuka nkhani ya buluku. Masiku amenewo kwathu ku Malawi kunali lamulo loti mkazi asavale buluku, ndipo amayi analilongedza lamulolo m'sutikesi n'kubwera nalo kuno. Kuzizire bwanji, ine kusukulu ndinkapita ndi diresi, mkati muli masitonkeni okhuthala.

"Amake Tadala," bambo anayamba mosamala, "akuti kumeneko ana onse amavala mabuluku."

"Ana a eni ake," amayi anayankha. "Inu mukajambula chithunzi, chikafika kumudzi, anthu adzati chiyani? Tadala akakhala nane m'munsi, tizikakuonererani."

Ndinakadzitsekera m'bafa n'kulira. Anzanga onse ndinali nditawauza kale.

Amene anandiombola ndi Anti Mutinta, mnzawo wa amayi wa kutchalitchi, wa ku Lusaka, amene ankakhala ku Columbia Heights. Anatulukira Lamulungu masana atanyamula buluku lofiira lokhuthala limene mwana wawo analisiya atakula.

"Imwe amake Tadala, muzamupaya na mphepo mwana. Avale ichi, pamwamba mumumange chitenge. Ndani azaona?"

Amayi analitembenuza bulukulo uku ndi uku ngati nsomba yokayikitsa ya pamsika. Pomaliza anavomera, koma ndi mawu amodzi: chitenje chisachoke.

Tsikulo litafika sindinadye n'komwe. Galimoto inanunkhira mandasi njira yonse, ine mphuno ili pagalasi, kudikira phiri. Kenaka linaonekera. Linali loyera mbee, lothobwa m'maso, timadontho ta anthu tikutsika mokhotakhota. Anatibwereka nsapato zolimba ngati zidebe ndi timatabwa titalititali tomangirira kumapazi. Bambo anandimangirira kapepala kaja pa zipi, ndipo ndinkangokagwiragwira. Pamenepo amayi anatulutsa chitenje chawo chobiriwira cha maluwa achikasu, anandizunguliza kawiri, kutsika mpaka m'akakolo, n'kumanga mfundo ya mtundu uja womangira katundu wa pamutu.

Mphunzitsi wathu anali mtsikana wachizungu wa masaya ofiira ndi mphepo. Anayang'ana chitenjecho, n'kumwetulira mwaulemu. Anatikweza pa kamtunda ka ana n'kutisonyeza chinthu chachikulu pa zonse, kaimidwe. Ukafuna kuima umatambasula miyendo, nsonga za matabwa ziyandikane kutsogolo, zidendene zitalikirane. Ana onse anatambasula. Ine ndinayesa, chitenje chinakana. Ndinangobisala kumbuyo kwa anzanga, poopa kuti mphunzitsi akaona andibweza kwa amayi.

Nthawi yanga itakwana ndinangodzikankha. Abale, kukoma kwake! Matabwa anali mbali ndi mbali ngati njanji, sinowo akulira shiii pansi, mphepo ikundibaya m'mano chifukwa ndinali kuseka kukamwa kuli yasa. Ndinapitirira kamnyamata ka chipewa cha buluu, ndinapitirira mphunzitsi, ndinapitiriranso bambo amene anali atakhala pansi miyendo m'mwamba, akufunafuna magalasi awo. Ndinamva mphunzitsi akukuwa kumbuyo kuti nditambasule. Ndinakankha ndi mphamvu zonse, koma mfundo ya amayi inali mfundo ya amayi.

M'munsi anali ataika mitolo ya udzu wouma yotchingira ana. Ndinalowa momwemo, phu! Udzu m'tsitsi, sinowo m'kamwa, thabwa limodzi linapitiriza ulendo lokha.

Amayi anafika akuthamanga ndi nsapato zawo za kutchalitchi, Chifundo ali kumsana akudumphadumpha. Anandigwira mutu, mikono, nthiti, akupuma mwabefu. Mumtima ndinati basi, zathera pompa, Lolemba ndidzapita ndi kapepala koma wopanda nkhani.

"Anzako onse akuima. Iwe bwanji?"

"Miyendo sikutambasuka, amayi."

Anatembenuka n'kuyang'ana kamtunda kaja. Anaona kamtsikana kakang'ono kuposa ine kakutsika pang'onopang'ono, miyendo ili tang'a, n'kuima bwinobwino pamaso pa amake. Anayang'ananso chitenje chawo. Kenaka anamwaza maso uku ndi uku, ngati kuti pa phiri lonse lija pangapezeke munthu wa kumudzi kwathu atabisala kuseri kwa mtengo. Anagwada pa sinowo. Zala zinali zitauma ndi kuzizira, ndiye mfundoyo anaimasula ndi mano. Anakutumula chitenjecho n'kundikulunga nacho m'khosi.

"Pita. Koma atate ako asajambule kumunsiku."

Ndinatsetsereka mpaka dzuwa kupendeka, ndipo ndinkaima pomwe ndafuna, nthawi zambiri pamapazi pa amayi penipeni, kuti aone. Zithunzi za tsiku limenelo zilipo mpaka lero. Chilichonse ndimaoneka kuyambira m'chiuno kupita m'mwamba, mano onse pamtunda, maluwa achikasu m'khosi.

Lamulo lija linatha kalekale, ndipo amayi masiku ano amapita kokagula zinthu atavala buluku popanda kucheuka. Wamantha tsopano ndine. Mwezi wamawa tikupita ndi mwana wathu Takondwa, wa zaka zinayi, kumapiri omwe aja, ndipo ndinene zoona, mtima suli m'malo. Ndili ndi satifiketi ya kukoleji ya kasamalidwe ka ana, ana a eni ake ndimawalimbitsa mtima tsiku ndi tsiku, koma wanga ndikamuganizira ali pamtunda paja ndimathamangira foni. Ndaimbira kale a kusukulu ya sikii mpaka andizolowera mawu. Bambo ake amangoseka.

Dzulo ndinamuyesa zovala: chisoti cholimba, zotchinga m'mawondo, zotchinga m'zigongono, mabuluku awiri, ndi lina lokhuthala pamwamba. Anaima pakati pa balaza ali gwa, maso okha akuyenda. Amayi anali atabwera kudzacheza. Anamuyang'ana mdzukulu wawo, anandiyang'ana ine, n'kuika kapu ya tiyi pansi.

"Tadala, mwanayu atambasula bwanji miyendo?"

Sanadikire yankho. Anagwada n'kuyamba kumuvula.